A Zangaphee ndi Masuti Otuluka Magazi

Kuno ku Glasgow, ku Ulaya, nkhaniyi inatulukira kwa mayi Angelina, ndipo mayi Angelina akanyamula nkhani amafika nayo ku Govan basi isananyamuke ku Govanhill. Akuti a Zangaphee, telala wathu uja wosokera m'kachipinda ka pansi pa mafulati, ndi namapopa. Akuti amapopa magazi a Amalawi anzawo obwera kudzayesa suti, n'kumagulitsa kwa mayi wina wachizungu amene amabwera pa vani yoyera.

Umboni anali nawo. Anapita kukafupikitsa buluku la amuna awo, a Zangaphee n'kutuluka pang'ono kukagula mkaka wa tiyi. Ndiye inu mukuwadziwa mayi Angelina, akaona katani yotseka m'maso mwawo mumayabwa. Anasuzumira. Kuseriko kunali masuti otuwa, nsalu imodzi, msinkhu umodzi, atapachikidwa pamzere ngati asilikali. Yoyamba inali yatsopano. Yotsatira yong'ambika mkono. Ina ya chibowo pachifuwa. Ya kumapeto inali psuu kuyambira pa kolala mpaka m'thumba. Atatembenuza jekete imodzi anapeza timapaipi tating'ono tosokeredwa m'kati, tochokera m'khwapa kupita kumsana, ndi timatumba ta pulasitiki todzaza magazi.

Ine nditamva ndinaseka mpaka kutsamwa. Koma ndine wa ku Phalombe, sukulu ndinasiyira Sitandade 5, ndipo m'kachipindamo ndimakhalamo pafupifupi tsiku lililonse kuotha hita, chifukwa mkamwini wanga amazimitsa ya kunyumba akangoona kuti ndavula jekete. Komanso ndikamwa tiyi wa a Zangaphee ndimagona pampando, kukamwa kuli yasa. Choncho pobwerera kunyumba ndinapinda mikono ya malaya m'basi n'kuyang'ana bwinobwino ngati pali pobayidwa. Ndinapeza timadontho. Mwana wanga, yemwe ndi nesi, akuti ndi ukalamba. Theka la mutu wanga linamumvera, theka lina linangoti zii.

A Zangaphee ndinawadziwira konkuno, koma mbiri yawo andiuza kambirimbiri moti ndikhoza kuinena ndili m'tulo. Kwawo ndi ku Chiradzulu. Adakali aang'ono bambo awo anawatumiza ku Limbe kwa amalume awo, telala wa pakhonde la sitolo ya mmwenye. Amalumewo sankaphunzitsa ndi pakamwa. Anali ndi ndodo ija yoyezera nsalu, ya kachitsulo kumapeto, ndipo msoko ukakhota ndodo inkatera pa zala, khwa! Ukalira, inkateranso, chifukwa misozi imadetsa nsalu ya kasitomala. Poyamba makina sankawakhudza n'komwe. Ntchito yawo inali kukoleza makala, kusita, ndi kusokera mabatani mpaka zala zitachita zikang'a. Amalume atamwalira, ana awo anakanganirana makina ndi njinga. A Zangaphee anangotenga ndodoyo, ndipo inakwera nawo ndege mpaka kuno.

Chimene chinawazunguza mutu ndi kanema. Loweruka masana ankazemba pakhonde kukaonera mafilimu a akazitape. Anzawo ankapitira zibakera ndi akazi okongola, iwo ankapitira jekete.

"A Matthews," amandiuza, "munthu akumenyana pamwamba pa sitima yothamanga, wina wamukanyanga pakhosi, koma kolala ya jekete yangogona phee, siikudzuka. Mukudziwa chifukwa chake?"

"Ndi mankhwala."

"Mankhwala a chiyani, inu! Ndi m'khwapa. Polowera mkono pamadulidwa pang'ono, pokwera. Ukakweza dzanja, dzanja limapita lokha, jekete imatsala pamalo pake. Masuti a m'sitolo ukangoloza basi, jekete yonse imakwera kukakuvala kumutu."

Filimu imodzi ankaionera kangapo, koma mukawafunsa kuti anapha mnzake ndani sadziwa. Akatuluka ankajambula mapewa ndi matumba pa pepala la simenti. Anazindikira okha kuti kumanzere kwa jekete ya kazitape telala amasiyako mpata wa mfuti, kuti munthu akamanga batani pasatupe. Anayesa zimenezi pa suti ya mlaliki wina wa ku Bangwe, osamuuza. Mlalikiyo anapeza kuti Chipangano Chatsopano chikukwanapo bwino, n'kuwabweretsera alaliki anzake onse. Akuti nthawi imeneyo theka la maguwa a ku Limbe kunkaima anthu odulidwira mfuti.

Mano akutsogolo anawasiya m'nthawi ya chipani chimodzi. Mabuluku otambalala kumiyendo, mabelibotomu, anali oletsedwa, koma anyamata oimba magitala ankawafuna, ndipo a Zangaphee ankawasokera mobisa. Mmodzi anagwidwa pa depoti, makofi awiri okha n'kutchula telala. Anyamata a chipani a malaya ofiira anafika pakhonde, anagubuduza makina, anawagoneka a Zangaphee m'ngalande n'kumawaponda kumaso ndi nsapato. Ankafuna mayina a ena onse amene anasoketsa. Anawamenya ndi lamba, anawamenya ndi mpando wawo womwe, mmwenye atatseka chitseko n'kumasuzumira pa zenera. Dzina sanatchule ngakhale limodzi. Atachoka anyamatawo, anadzuka, analavula mano, n'kuyamba kutolera mabatani amene anamwazika.

"Telala amadziwa amene mimba yakula, amene ali ndi phudzi, amene mwendo wina ndi waufupi," amatero. "Ukayamba kunena, ulekera pati? Za kuseri kwa katani n'za kasitomala."

Mpata wa manowo sanautseke. Ndi mmene amasungira mapini masiku ano, ndipo amatha kukutukwanani mapini ali momwemo, osagwa ngakhale imodzi.

Mayi Vainess anawapeza pakhonde pomwepo. Anali nesi watsopano, anabwera kudzasoketsa yunifomu, a Zangaphee n'kuwauza kuti sasoka za akazi. Mayiwo anabweranso m'mawa mwake kudzawauza kuti ndi wamwano, anabweranso tsiku lina kudzabwereza, mpaka mkanganowo unakathera ku tchalitchi. Nthawi imene manesi athu ankatengedwa kubwera kuno, mayi Vainess anatsogola, bambo n'kulondola pambuyo. Zaka zoyamba munthu wodula masuti ankakolopa m'maofesi atamanga tayi. Kenako anapeza ngodya kuseri kwa shopu yochapa zovala, n'kumapinda miyendo ya mabuluku. Kenako kachipinda kawokawo aka, kotsika masitepe, kamene zenera lake limaonetsa nsapato za anthu odutsa. Makasitomala amawamenya pamapewa. "Imani ngati munthu wamoyo!" Masuti a masiku ano, othina, buluku lolekera pa akakolo, amadana nawo ngati matenda. Akuti mnyamata wovala zimenezo akagwetsa kiyi amadikira wodutsa amutolere.

Tsono tifike pa Jacob. Jacob ndi wa ku Mulanje, amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, wowonda ngati bango. Nthawi imeneyo ankagwira shifiti pamwamba pa shifiti chifukwa ukwati wake unali pafupi. Mkulu wake ndi Tadeyo, chimunthu chonyamula makatoni kumalo osungira katundu, khosi ngati la ng'ombe yapangolo. Awiriwa anatsala okha makolo atamwalira. Tadeyo ndi amene analera Jacob, kumulipirira sukulu, n'kumuitanitsa kuno. Ndipo Tadeyo anali ku Mulanje chaka chija anthu ankagona panja kuopa anamapopa, akutseka misewu ndi miyala. Iye sanena kuti anamva, amati anaona. Chimene anaona sanena.

Tsiku loyesa suti ya ukwati ine ndinalipo, pampando wanga pafupi ndi hita. Jacob anaima pakati atavala jekete yongolumikiza ndi ulusi woyera, m'kati muli malaya ake oyera a ukwati. A Zangaphee ankamuzungulira, mapini ali m'kamwa, Jacob n'kumadzandira ndi tulo.

"Ima bwino iwe! Wamwa?"

"Pepani madala, ndachokera ku naiti."

"Naiti yakoyo ndiye ikwatire."

Jacob anadzandiranso, pini n'kumulowa pakhosi. Kadontho ka magazi kanagwera pa kolala yoyera. A Zangaphee sanatekeseke. Anadula ulusi woyera, anaupindapinda, anautafuna mpaka unanyowa ndi malovu, n'kutikita pa dontholo. Ndi mmene atelala akale amachotsera magazi pansalu asanaume. Ulusi utafiira anaubweza m'kamwa kuti unyowenso, n'kutikitanso. Dontho linatha. Koma ulusi sanalavule. Anaiwala, anapitiriza kuutafuna akulemba ndi choko pamsana pa Jacob.

Tadeyo anali atadzuka pampando.

"Madala, mwameza?"

"Chiyani?"

"Magazi a mwanayu."

"Aa, amenewa? Ngamadzimadzi, sakoma n'komwe. Muzimudyetsa mng'ono wanuyu."

Ine ndinaseka. Jacob anaseka. Tadeyo sanaseke.

Lamulungu lotsatira Jacob anagwa m'tchalitchi nyimbo ili m'kati, mutu n'kumenya pa benchi, gu! Mpingo wathu theka ndi manesi, ndiye anamuunjirira ngati nyerere. Wina anatsegula chikope, m'kati moyera mbee ngati pepala. Ambulansi inamutengera kuchipatala chachikulu cha ku Govan. Madzulo ake uthenga unafika kuti magazi achepa kwambiri, akumuwonjezera ena, ndipo madokotala akufufuza kumene akupita.

Kumene akupita! Apa m'pamene mayi Angelina anakumbukira za katani ija.

Pa gulu lathu la Amalawi la pafoni panayaka moto. Manesi ankalemba kuti anthu asiye zaumbuli, kuno ndi ku Ulaya. Koma ine ndinaona kuti amuna a manesi omwewo anasiya kubweretsa mabuluku, ndipo nsapato zodziwika zikafika pa zenera la a Zangaphee zinkawolokera tsidya lina la msewu. Kenako Tadeyo anatumiza mawu ake, osakuwa, osatukwana. Anati dzanja limene linabaya Jacob alithyola, lisadzagwirenso singano padziko lino. Anatchula kuti lamanja, kuti pasakhale chisokonezo.

Ndinapita nayo foni kwa mwini dzanja.

"Mwamva?"

"Ndamva. Ali ndi mawu abwino, akanalowa kwaya."

"Ndiye bwanji osangotsegula kataniyo anthu aone, munene kuti n'chiyani?"

"N'za kasitomala."

"Kasitomala wake uti wovala suti yotuluka magazi?"

"A Matthews, buluku lanu la pa Khirisimasi ndinawonjezera kansalu kumbuyo chifukwa munakana kuti mwanenepa. Ndinauzapo munthu?"

"Ayi."

"Ndiye imwani tiyi."

Ndinayang'ana tiyiyo, ndinamuika pansi. "Koma tiuzane ngati akuluakulu, palibe akutimva. Mumapopa?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Anuwo angagule ndani? Ndi tiyi yekhayekha."

Yankho limenelo silinandikhazike mtima pansi. Munthu sanati ayi.

Mayi Vainess anafika ali mu yunifomu, ambulera ikudontha. Nawonso, taonani, sankadziwa za kuseri kwa katani. Zaka zonsezi m'nyumba imodzi!

"Bambo a Tione, mano munasiya ku Limbe. Tsopano mukufuna kusiya zala ku Govanhill? Mukatha ziwalo ine ndidzatengera chiyani kumudzi?"

"Tayi."

"Musandiseke! Ngati simunena, tiyeni kupolisi ndi mawu a Tadeyowa."

"Ndikaitanire apolisi mwana amene ndinamufupikitsira buluku lofunsira ntchito? M'bale wake ali m'chipatala, mutu wamuzungulira. Uzizira."

"Ndiye tsekani shopu mpaka uzizire."

"Ndili ndi ntchito ya Loweruka."

Loweruka masana kunali kamvula kathu ka masiku onse. Tadeyo sanagogode. Anaponda chitseko, kabelu kopachika pamwamba kanauluka n'kugwera m'kapu yanga.

"Takulandirani a Tadeyo," anatero a Zangaphee osadzutsa mutu, akudula nsalu. "Pukutani mapazi."

"Jacob wakomokanso m'mawa uno."

"Pepani kwambiri. Khalani pansi."

"Tsegulani katani."

"Suti yake ili apa, yatsala mabatani. Kuseriko kulibe zanu."

Tadeyo anadutsa ngati palibe munthu, anagwira katani n'kuizula pamodzi ndi chitsulo chake. Masuti aja ndinawaona koyamba ndi maso anga, ndipo ndikuuzeni, ulendo uno mayi Angelina sanawonjezere kanthu. Tadeyo anathothola jekete imodzi, anaitembenuza, anaona timapaipi, n'kuifinya ndi manja onse. Kathumba kanaphulika, phwa! Kumaso kwake psuu, pamalaya psuu, mpaka kudenga. Anaima akuyang'ana zikhatho zake, n'kuyamba kulira kulira kwa pamaliro.

"Jacob! Mayo ine, Jacob!"

"Siya jekete imeneyo!"

A Zangaphee anali ndi sizasi yawo yaikulu m'manja, yotalika ngati mkono wa mwana. Ine ndinatseka diso limodzi. Koma anaiika pathebulo mosamala, n'kuifunditsa kansalu. Ku tchalitchi amati chinali chikhristu. Ine ndikudziwa kuti sizasi imeneyo salola kuti idule ngakhale pepala kuopa kubuntha, nanji fupa la Tadeyo. Anatenga ndodo ya amalume awo. Inamutera Tadeyo pakhutu, khwa, khutu n'kung'ambika. Inateranso pamlomo. Kachitatu inathyokera pamutu, kachitsulo n'kukagunda zenera. Kwa munthu wa msinkhu wawo, ndinawaombera m'manja mumtima.

Tadeyo anangopukusa mutu ngati wagwidwa ndi ntchentche. Ananyamula chidole chovekera masuti, chija chopanda mutu cha mwendo wachitsulo, n'kuchizunguza. Chinaphonya telala, chinapeza ine. Ndinangozindikira ndili m'dengu la zidutswa za nsalu, miyendo m'mwamba, nthiti zikuyaka moto. Zotsatira ndinaonera momwemo.

Tadeyo anawagwira tayi a Zangaphee, pajatu sasoka opanda tayi, anawakokera pafupi n'kuwagunda ndi mutu pamphuno. Magalasi anasweka pakati. Magazi anatsika pa malaya, pa wesikoti, mpaka pa nsapato. A Zangaphee anamulavulira mapini kumaso, anamuluma pamkono ndi mano otsalawo, anamuponda chala. Zonsezo zinali ngati kumenya khoma. Tadeyo anawakhwekhwerezera ku thebulo lositira, anawagwetsa chafufumimba, bondo pamsana, n'kutambasula dzanja lamanja pathabwa. Simbi ya a Zangaphee si tija ta pulasitiki ta m'nyumba. Ndi chitsulo cha atelala, chonyamula utayamba wapuma kaye. Mwayi wake inali yozima.

"Nena, iwe mfiti! Ukugulitsa kuti magazi a m'bale wanga?"

Ulemu unali utatha, zafika pa iwe.

"N'za kasitomala."

Simbi inatsika. Phokoso lake ndi lija limamveka posinja makaka mumtondo. A Zangaphee sanakuwe. Mpweya unangotuluka pa mpata wa mano, fyuu, ngati ketulo.

"Nena!"

"Mwana wopanda mwambo iwe. Ukuponda nsalu."

Inatsikanso.

Ndinakwawa kutuluka m'dengu, ndinatola chisingano chachikulu chosokera mapewa, n'kumubaya nacho Tadeyo m'thako mpaka chinalowa theka. Anabweza chidendene, chinandipeza pachibwano, ndinaluma lilime, nyenyezi mbwee. Koma simbi inagwa pansi, ndipo a Zangaphee anatsetsereka kuchoka pathebulo n'kukhala tsonga pakhoma, atafukata dzanja ngati khanda. Zala zinkaloza kosiyanasiyana.

Apo m'pamene pa zenera panaima matayala a vani yoyera.

Anatsika masitepe mayi wamfupi, imvi zometa ngati za mwamuna, tepi pakhosi. Dzina lawo ndinalidziwa pambuyo pake, ndi Yvonne Thomson. Chizungu cha ku Glasgow chikakwiya chimamveka ngati miyala m'chitini, koma ndinatolapo zina. Anayamba ndi foni, ambulansi, apolisi. Kenako anagwada, anang'amba nsalu yodula imene a Zangaphee ankadula ija n'kukulunga dzanjalo. A Zangaphee anabuula, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati inali nsalu kapena zala.

Tadeyo anazula kathumba kena m'jekete n'kuwaloza nako.

"Ndi uyu wogula! A Matthews, ndi uyu!" Kenako m'chizungu anawauza kuti mumagula magazi a m'bale wanga, m'bale wanga akufa m'chipatala.

Mayiwo anayang'ana Tadeyo, anayang'ana kathumba, anayang'ana ine ngati ndingawamasulire misala imeneyi. Ndiye anatsomphola kathumbako, analuma pakona, anayamwa, n'kumeza. Mano onse psuu. Tadeyo anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Ine mtima unati basi, namapopa wamkulu ndi ameneyu, tatha tonse.

"Lawani, agogo," anatero akundipatsira.

Kukana mayi wa mano otero kunali kovuta. M'kamwa mwanga munali kale magazi anga a palilime, amchere ngati masiku onse. Awa anali otsekemera, onanda.

"Tadeyo," ndinatero, "ndi manyuchi awa."

"Bodza."

"Nyambita chala chako, chadzaza omwewo."

Ananyambita. Ananyambitanso. Kenako anakhala pansi pakati pa masuti, n'kudzuka msanga chifukwa cha singano yanga ija.

Podikira ambulansi mayiwo anafotokoza, akukalipa. Iwo ndi okonza zovala za filimu ya akazitape imene inkajambulidwa m'tauni, kuja anatseka misewu n'kukhoma zikwangwani za dziko lina. Kazitape wa m'filimuyo amavala suti imodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, koma m'menemo amamenyedwa, amagwa pa masitepe, amawomberedwa. Ndiye pamafunika suti yomweyo kambirimbiri, iliyonse yowonongeka kuposa inzake, zina zokulirapo za munthu amene amagwa m'malo mwa mwini filimu. Timapaipi n'toti munthu wobisala akafinya, magazi atuluke pachifuwa nthawi imene mfuti yalira, ndipo ntchito ya a Zangaphee inali kutibisa m'kati kuti jekete isatupe. Anawapempha kuti asauze munthu mpaka filimu itatuluka, monga amapemphera aliyense.

"Koma sindinati mufe nazo!" anakuwa mayiwo, misozi ili m'maso. "Munthu wopusa inu! Mukanangonena!"

A Zangaphee anatsegula diso limodzi, linalo linali litatupa.

"A Matthews, mwamva nokha. Aulula ndi eni ake. Ine sindinanene."

Apolisi atafika Tadeyo anatambasula yekha manja. A Zangaphee ali m'chipatala anapempha kuti mlandu uthe, akambirana pachibale, koma kuno mlandu wotere si wa wovulala, ndi wa boma. Tadeyo anakakhala m'ndende miyezi ingapo, ndipo pa ukwati wa mng'ono wake mpando wake unali wopanda munthu. Mabatani a suti ya mkwati anasokera mayi Vainess, bambo ataima kumbuyo kwawo akukalipa kuti ulusi wathina, mpaka mayiwo anawauza kuti dzanja lamanzere nalonso likhoza kuthyoka.

Dzanjalo madokotala analilumikiza ndi tizitsulo. Zala zilipo zonse, koma chachikulu ndi chamkombaphala sizipindika. Singano imagwa. Sizasi ija sinalowenso m'manja mwawo, ili pathebulo yofunda kansalu kake. Shopu sinatsekedwe. Amayeza, amamenya mapewa ndi dzanja lamanzere, amalemba choko mokhotakhota, ndipo kudula amadula mayi Vainess akaweruka, ndi sizasi ina, chifukwa bambo akuti mayiwo sanafike pogwira yaikulu ija. Makasitomala anabwerera, ena atanyamula mabuluku osafunika kukonza, maso ali pansi.

Masuti otsala a filimu anamaliza telala wina. Itatuluka tinapita kukaonera masana, awiriwiri, a Zangaphee atavala wesikoti. Zimene zinkachitika m'filimumo musandifunse, anthu ankangophana. Kazitape akugubuduzika pa masitepe, iwo n'kundigunda ndi chigongono. "Iyo ndi yanga." Akumenyana m'chimbudzi, mutu wa wina n'kuswa sinki. "Yanganso. Onani phewa." Mfuti inalira, pachifuwa psuu, ine m'kamwa n'kumva kutsekemera. Chakumapeto kazitape anakweza manja, atamuloza mfuti pamphumi, holo yonse ili zii. A Zangaphee anaimirira.

"Iyi si yanga! Taonani kolala yadzuka!"

Azungu a kumbuyo anatiuza kuti tikhale pansi kapena tituluke. Anakhala, n'kuika dzanja lija m'thumba.

Mayi Angelina amafunsabe kuti nanga magazi a Jacob anapita kuti. Yankho linabwera a Zangaphee asanatuluke n'komwe m'chipatala. Madokotala analowetsa kakamera m'mimba mwa Jacob n'kupeza chilonda chikuchucha. Ankamwa mapilisi a msana pamimba yopanda kanthu, shifiti ndi shifiti. Anachitseka, anachira, pano wayamba kamimba. Magazi ake ankatayikira m'mimba mwake momwe. A m'masuti aja anali manyuchi ndi utoto wofiira. A Zangaphee si namapopa.